Mphasa Yoyaka ya Malemu Yotam

Khalani bwino ndikuponyereni ndagi, inu mwatsegula tsamba linonu. Moto wanga ulibe nkhuni, ulibe utsi, ulibe phulusa. Ukauponda umayaka, ukaima chilili umazima, phazi n'kuchokapo lozizira. N'chiyani chimenecho? Mwayamba kukanda kumutu? Ndibaireni ng'ombe basi. Koma musakhudze za kwa Yotam ku Palabana, zimene zija zinali kale pa mlandu.

Virginia anamva chidebe chikugwa kunja kwa chitseko, khwengwerere! Kenako mapazi akuthawa. Anakankha chitseko cha kanyumba kamene analimo, dzuwa la masana linamulasa m'maso, ndipo atapenyetsetsa anaona msana wa Febby, mlongo wamkulu wa malemu mwamuna wake, ukukhota kuseri kwa khola. Patapata mmodzi anatsala atamira m'ndowe. Febby ameneyu ndi uja maondo ake ankalira ngati chitseko chakale akamagwada m'tchalitchi, koma tsiku limenelo anathamanga moti galu wa pakhomopo anamutsatira poganiza kuti kwinakwake kuli nyama.

"Mayo ine," anatero Virginia. "Baona."

Linali tsiku lachitatu chimuikire Yotam m'manda. Masiku amenewa namfedwa sayenda yekha. Amakhala pansi m'nyumba, miyendo tambalale, duku lakuda kumutu, azimayi atamuzinga. Ngakhale kuchimbudzi amachita kumuperekeza. Koma masana amenewo azimayiwo anali atakhuta, ena akuwodzera, ena ali kotsuka mbale, ndipo Virginia anazemba. Sankafuna zambiri ayi. Ankangofuna malo amodzi opanda munthu womuuza kuti alimbe mtima.

Kanyumbako Yotam anakamanga miyezi iwiri asanamwalire, pakati pa khola ndi pokamira mkaka. Malata akale, zitseko ziwiri, china cholowera ng'ombe china chotulukira, windo ng'o. Mipata yonse anaitseka ndi masaka a chakudya cha ng'ombe, mwakuti mkatimo munkada bii ngakhale dzuwa lili paliwombo. Pansi anayalapo mphasa ya labala, yotuwa, yaitali ngati mabedi awiri olumikiza, imene mwana wawo wamkazi Kasuba anabwera nayo kuchokera ku yunivesite ku Lusaka.

Mphasayo inalibe waya, inalibe batire. M'labalamo Kasuba ndi anzake anakandiramo ufa wina wa ku labu, monga mmene timakandira yisiti mu ufa wa zitumbuwa. Ufawo ukafinyika umatulutsa kuwala kobiriwira, kwa mtundu wa ziphaniphani. Ng'ombe ikamadutsa, chiboda chilichonse chinkasiya kamoto kake, phethi! n'kuzima. Tsono ng'ombe imene chiboda chayamba kupweteka imayamba kupondetsa pang'ono mwendo umenewo masiku angapo diso la munthu lisanaone kutsimphina, ndiye kamoto ka mwendowo kamakhala kofooka. Foni yomangirira pa mtanda wa denga inkajambula, Yotam n'kuonera, n'kutukula mwendo wodwalawo chilonda chisanakule. Kasuba anapempha bambo ake kuti asaonetse anthu mpaka iye atamaliza kulemba zimene wapeza. Yotam sanavutike nacho chinsinsi. Anali munthu woti mawu umachita kumukama ngati ng'ombe youma bere.

Febby zonsezi sankazidziwa. Iye ankapita kukamwetsa mwana wa ng'ombe, anamva munthu akuyankhula m'kanyumba kotseka, n'kusuzumira pa kabowo ka msomali. Anaona namfedwa ali yekha mu mdima, moto wobiriwira ukuthwanima pansi pa mapazi ake, pakamwa akutchula dzina la munthu amene anamukwirira dzana. Inu mukanakhala Febby, patapata wanu akanatsala kuti?

Nkhaniyo inafika kwa Sanford patapata uja asanazulidwe m'ndowe.

Sanford anali mng'ono wa Yotam, koma mukanawaimika pamodzi mukanati wina ankadyera mnzake kuyambira ali ana. Yotam anali ngati mpini wa khasu. Sanford, mimba inkayamba kulowa pakhomo, mwini wake n'kufika pambuyo. Ankagwira ntchito mu ofesi ina ya boma ku Lusaka, mbali yosunga katundu, kumene ankapereka mababu ndi mawaya kwa anthu okonza magetsi. Chifukwa cha mababu amenewa iye anadzipatsa yekha dzina loti Injiniya, ndipo ukamuitana lina sankatembenuka. Anali ndi puloti yatsopano ku Chongwe, ya mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo, kuseri kwa nyumba kuli malo aakulu opanda kanthu. Masiku onse a maliro, amuna anzake akuwotha chikuni, iye ankazungulira khola ndi nsapato zake zosongoka, kuyang'ana mabere a ng'ombe zinayi za mkulu wake ngati munthu wofuna kufunsira.

Yotam anafa mwadzidzidzi. Anagwa m'mawa ali ndi chidebe m'manja, ndipo ku chipatala anati ndi BP. Koma kwathu kuno BP siipha munthu yokha, imayenera kukhala ndi woituma. Mundawo unali wa makolo a Yotam, Virginia anachita kutengedwa kuchokera ku Bundabunda zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo. Kumeneko makolo ake anatha kalekale, pamene panali nyumba yawo panamera chimanga cha munthu wina. Abale a mwamuna akanamutcha mfiti Loweruka, tsiku logawa zovala za malemu, akanachoka ndi miphika yake kupita kumene kulibe khomo loti agogodepo.

Atabwerera m'nyumba anapeza azimayi aja atadzuka onse. Palibe anamufunsa kumene anali. Anakhala pa malo ake, ndipo bwalo la azimayi, limene masiku onse linkamupanikiza mpaka kutuluka thukuta, linafutukuka lokha. Tiyi wa madzulo anamuikira patali, pamene mkono unachita kutambasuka kuti ufike.

M'mawa mwake anamva mawu a Kasuba pa windo. Mwanayo anali pansi pa mtengo wa mapeyala pamene pankakhala amuna, atagwada mwaulemu koma mawu atakwera.

"Batate bang'ono, mphasa ija ni ine ninabwera nayo. Ni ya kusukulu. Batate banali kuonera mapazi ya ng'ombe."

"Iwe mwana," anatero Sanford, "ine nasebenza na magetsi zaka twente-faifi. Pamene ninagwira babu yoyamba, iwe unali kudya dothi. Kuwala kuli na makolo batatu chabe: moto, batire na waya. Nionetse batire."

"Kulibe batire. Ndiye nzeru yake imeneyo. Muli ufa wa zinki na salufa, na kopa pang'ono. Mukafinya, mphamvu ya kufinya kuja ndiyo isanduka kuwala."

"Mwamva, madoda? Wakamba yekha. Kulibe batire!"

"Nili na vidiyo mu foni, onani."

"Mafoni ya masiku yano yaonetsa na mbuzi iyendetsa basi. Chotsa. Mwana ni mwana, angavale gauni ya ku yunivesite, azaikira kumbuyo mai bake."

Amuna ena anagwedeza mitu. Bornwell, woyandikana naye munda amene ankanyamula mkaka pa njinga limodzi ndi Yotam, anangoyang'ana ndodo yake.

Kenako Sanford anadzuka, n'kukweza buluku. "Tiyeni, nikuonetseni mmene injiniya ayesera vinthu."

Virginia anasendera pa windo. Anaona Sanford akutsegula chitseko cholowera mpaka kuchitsamiritsa ndi mwala, n'kuzungulira kukatsegulanso chotulukira. Dzuwa la m'mawa linadutsa m'kanyumbamo ngati mu paipi. Amuna anaima patali. Sanford anakwera pa mphasa, anaponda, anapondanso, anadumpha kamodzi mimba n'kutsatira, kenako anatambasula manja.

"Moto uli kuti? Ine naponda, kulibe. Vinthu ivi vidziwa mwini wake. Monga galu. Mlendo akabwera vikhala zii, mwini akabwera vigwedeza mchira."

Kasuba anathamangira m'nyumba maso ali psuu. Anagwada pafupi ndi mayi ake.

"Ba mai, bakamba zopanda nzeru! Kuwala kuja ni kung'ono, pa dzuwa sikungaoneke. Batsegula viseko vonse! Niyenda nikabauze."

Virginia anagwira chitenje cha mwana wake n'kumukokera pansi. Anayang'ana azimayi aja, onse anali atadzazana pa khomo kuonera Sanford.

"Khala pansi."

"Koma ba mai..."

"Wakamba kale, banakumvera? Ukakamba futi bazati mwana aphunzitsidwa na mai bake. Ng'ombe ikayamba kuloza yokha ku dibi, suikankha. Uisiya."

Kasuba anapukuta m'maso n'kukhala pansi.

Musaganize kuti mtima wa Virginia unakhala m'malo. Iye ankadziwa kuti Loweruka adzamuuza kuti aponde, ndipo ikadzayaka, anthu amantha sadikira mawu achiwiri. Anaonapo ku Bundabunda ali mtsikana mmene mayi wina anatulutsidwira m'mudzi: sipanatenge nthawi yophika ndiwo. Chakudya cha tsiku limenelo anangochitembenuza m'mbale.

Lachisanu dzuwa litapendeka, azimayi ali kotunga madzi, Febby anabwera. Sanalowe. Anaima pa khomo, dzanja limodzi litagwira feremu, ngati munthu amene wasiya mphika pamoto.

"Bamake Kasuba."

"Ba mulamu."

"Ninaona na maso yanga."

"Munaona."

"Simukana?"

"Sinikana. Unali moto wa mphasa ya mwana."

Febby anapukusa mutu, misozi ili lengelenge. "Zaka zonse izi tidya mbale imodzi. Pamene ninadwala chifuwa, ni imwe munanisambika. Manje usiku nikagona niona chabe mapazi yanu yayaka. Nifuna kukhulupirira mwana uja, koma ine sininaphunzire. Sanford anaphunzira. Anaponda, sinayake."

"Mailo mukaone bwino, ba mulamu. Nipempha chimodzi chabe. Vilivonse vikachitika muja, musathawe. Imwe ndimwe bakulu. Mukathawa imwe, bonse bazathawa."

"Nizayesa," anatero Febby. "Koma miyendo iyi yanionetsa kuti ili na maganizo yake."

Loweruka m'mawa zovala za Yotam anaziyala pa mphasa ya bango pansi pa mapeyala: masuti awiri, ovolosi ya kukhola, majombo, chipewa cha ku tchalitchi. Anthu anakhala mozungulira. Anamukhazika Virginia pakati, mutu uli pansi. Mwa mwambo woyamba kuyankhula anayenera kukhala Febby, popeza ndiye wamkulu wotsala, koma Sanford anali ataimirira kale, atavala jekete ngakhale kunkatentha.

Anayamba ndi mmene ankamukondera mkulu wake. Anapitiriza ndi mmene iye, Sanford, anakhalira munthu woyamba m'banjamo kukwera chikepe cha m'nyumba zosanja. Ananena kuti mabwana ake akasowa nzeru amagogoda pa ofesi yake. Ananena kuti amasala kudya Lachitatu lililonse, ndipo apa mayi wina kumbuyo anatsokomola. Kenako anafika pamene ankapita.

"Mukulu wanga sanadwale. Munthu wosadwala sagwa chabe monga papaya. Pakhomo pano pali vinthu. Ba sisi Febby banaona. Ine sinifuna nkhondo. Ba mulamu batenge mapoto yabo babwerere kwabo ku Bundabunda mu mtendere. Munda ni wa batate bathu, uzakhala mu manja ya banja. Ng'ombe nazo zakhala pafupi na vinthu voipa, nizazitenga ku puloti kwanga zikapemphereredwe."

"Zonse zinayi?" anafunsa Bornwell.

"Chiwanda sichisankha ng'ombe, ba Bornwell."

Febby anakhosomola. "Munthu sitimuchotsa pa nkhani ya mkamwa. Ninaona nekha, na maso ya ukalamba. Banthu baone nabo."

"Ndiye vamene nifuna!" anatero Sanford. "Tiyeni. Baponde pamaso pa bonse."

Analowa anthu khumi ndi awiri, enawo anatsala kunja ati kanyumba n'kakang'ono, koma nkhope zawo zinkanena zina. Olowawo anakanirira kumalata mbali zonse ziwiri, zala za kumapazi atazipinda kuti zisakhudze labala. Virginia anaima kumutu kwa mphasa, wopanda nsapato. Kasuba anali pambuyo pake. Zitseko zinali zotsegula, ndipo Virginia anaziyang'ana zonse ziwiri. Akanapempha yekha kuti atseke, Sanford akananunkhiza msampha.

"Ba sisi," anatero Sanford, "pamene munaona, chinali chotseka kapena chotsegula?"

"Chotseka," anatero Febby.

"Mwamva? Va mu mdima vikonda mdima. Ba Bornwell, valani viseko. Tisabapatse pothawira."

Bornwell anatseka chakumbuyo, anabwera kudzatseka chakutsogolo n'kuchitsamira. Mdima unagwa ngati bulangeti. Munkangomveka kupuma kwa anthu ndi fungo la ndowe ndi perefyumu ya Sanford.

"Pondani, ba mulamu."

Virginia anaponda. Pansi pa chidendene chake panathwanima kamoto kobiriwira, kenako pansi pa zala, n'kuzima. Anaponda lachiwiri, kanathwanimanso.

"Mayo! Yesu wanga!" Mayi wina anakuwa. Malata analira, anthu akukankhana. Wina anayamba nyimbo ya ku tchalitchi n'kuiwala mawu ake. Wina ankamenya Bornwell pamsana kuti atsegule, koma Bornwell ndi thupi la munthu wopalasa njinga ya zigubu zinayi, sanasunthe.

"Mwaona!" anabangula Sanford. "Mwaona na maso yanu! Nanga nikamba chiyani ine? Galu wagwedeza mchira!"

"Atuluke!" anatero mwamuna wina mu mdimamo. "Atuluke lero lomwe!"

Virginia anabwerera pa dothi. Mawu ake atatuluka anali aang'ono, moti iye mwini anachita kuwakankha.

"Ba mulamu Sanford."

Phokoso silinatsike.

"Ba mulamu Sanford! Ine naponda. Manje pondani imwe, banthu baone kusiyana."

"Ninaponda kale pa Chinayi. Madoda banaona. Nizaponda kangati?"

"Bazimai banali patali," anatero Virginia.

Kenako kuchokera kukona kunamveka mawu a Febby, ali pomwepo, sanathawe.

"Ponda, Sanford."

Sanford anaseka, kuseka kwa munthu amene wapatsidwa mayikolofoni. "Chabwino. Bamene muli na maso, yang'anani. Iyi ni phazi ya munthu wa sukulu, munthu wa pemphero. Mu ofesi mwanga banthu bagwidwa na shoko, ine nigwira waya na manja. Yang'anani bwino, chifukwa simuzaona kanthu!"

Anatukula mwendo, n'kuutsitsa ndi mphamvu zonse za mimba ija. Phwa!

Abale anga, ka Virginia kanali kamoto ka ndudu. Apa panayaka nsapato yathunthu, kusongoka kwake komwe, chidendene chake chomwe, yobiriwira ngati msipu wa Januwale, mpaka anthu anaonana maondo.

"Eh!" anatero Sanford.

Anadumpha kuti achotse phazilo, n'kutera ndi linalo. Linayaka. Anadumphanso, onse awiri anayaka. Anathawira kumanzere, azimayi anamukankha, palibe ankafuna kukhudzidwa ndi munthu woyaka. Anathawira kumanja, amuna anamubweza. Anatsala pakati pa mphasa akusinthanitsa mapazi ngati tambala pa lata lotentha, ndipo pamene ankapondetsa, pamenenso moto unkakula.

"Batate bang'ono, imani chabe!" anakuwa Kasuba. "Mukaima izazima!"

Koma uzani munthu amene akuona moto kumapazi kuti aime.

"Nichotseni! Ba Bornwell, tsegulani! Ba mulamu Virginia, chizimyeni, napapata! Ng'ombe sinizifuna! Mayo, nafa ine!"

Nsapato zosongoka sizinapangidwire gule wa pa labala. Imodzi inakola inzake, ndipo Injiniya anakhala pansi, dii! Mu mdima muja munatuluka miyezi iwiri ikuluikulu yobiriwira, yogundana, yowala kuposa zonse zimene mphasa ija inaonetsapo chiifikitsire ku Palabana. Kenako inazima pang'onopang'ono.

Munkangomveka Sanford akupuma ngati pampu ya njinga.

Ndiye kukona kuja kunayamba kaphokoso, ngati ketulo ikafuna kuwira. Anali Febby. Anayesa kukutseka ndi chitenje, kunatulukira m'mphuno. Kenako kunaphulika.

"Injiniya!" anatero akubanika. "Batire taiona! Ni matako yako!"

Kanyumba konse kanagwedezeka. Mayi amene anaiwala nyimbo uja anagwira lata kuti asagwe. Mwamuna amene ananena kuti atuluke lero lomwe ndiye ankaseka mokweza kuposa onse, kuti anthu aiwale mawu ake. Bornwell anatambasula ndodo yake n'kubaya pa mphasa: kadontho. Anabayanso: kadontho. Mayi wina anagwada n'kudinda ndi chala chachikulu, wina ndi chigongono, wina analemba mzere ndi chikhadabo n'kukuwa, "Onani, nalemba!" Bornwell anatsegula chitseko, zonse zinasowa. Anatseka, zinabwerera. Anachita zimenezi katatu ngati mwana.

"Dzuwa ndiyo inabisa pa Chinayi," anatero Kasuba, ndipo ulendo uno aliyense anatchera khutu. "Nyenyezi nazo masana zilipo, koma simuziona. Wolemera ayatsa kwambiri, wopepuka pang'ono. Ng'ombe ikaopa kupondetsa mwendo umodzi, apa ndiye tiona."

"Nanga ng'ombe ikakhala pansi monga ba Injiniya?" anafunsa Bornwell.

Anayambiranso.

Sanford anatuluka chokwawa, fumbi lili kumbuyo kwa buluku. Atafika pa dzuwa anaimirira, anakonza jekete, n'kuuza amene anatsala kunja aja kuti iye ankadziwa kale, amangofuna kuyesa ngati mwanayo anaphunziradi. Koma malata ndi opyapyala. Onse anali atamva kuti ng'ombe sakuzifuna, ndipo anamubwezera mawu akewo mmodzimmodzi, ndi kamvekedwe kake komwe, kumuperekeza mpaka pansi pa mapeyala.

Febby anaima pa khomo la kanyumba akupukuta misozi ya kuseka, n'kukweza mawu kuti afike kumtengo.

"Mverani! Pano palibe amene achoka. Nyumba ni ya bamake Kasuba, munda balima beve, ng'ombe bakama beve. Sanford, iwe tenga majombo ya mukulu wako. Yaja siyaterera."

Anthu anasekanso, n'kumapita kumtengo. Kasuba anawatsatira, atazingidwa ndi alimi atatu ofunsa ngati mphasa zoterozo zingapezeke zina. Virginia anatsala m'kanyumbamo. Anatsamira lata. Njala inamugwira mwadzidzidzi, njala yeniyeni, yoyamba chimwalirire Yotam.

Febby sanapite. Analowanso, n'kukoka chitseko yekha. Mdima unabwerera, kuseka kwa kunja kunamveka patali.

"Nikhululukireni, mulamu wanga," anatero. Dzanja lake linafufuza mu mdima mpaka linapeza la Virginia. "Koma niuzeni chimodzi. Tsiku lija, munali kuchita chiyani muno mweka?"

Virginia anafinya dzanja la Febby.

"Ng'ombe zikatha kudutsa, bamuna banga banali kuniitana," anatero. "Bati, 'Virginia, vala chiseko, uone ng'ombe yako ikulu.' Ndiye bayenda beve. So."

Anasiya dzanja la Febby n'kukwera pa mphasa. Anaponda lamanja mwamphamvu, kunawala. Anaponda lamanzere mongogunda, chakumphepete kwa phazi, kunangoti phethi, kofooka ngati khala lokwiririka. Lamanja, kuwala. Lamanzere, kuzirala.

Febby anapuma mokoka.

"Mwendo wa ngolo," ananong'ona. "Anali na zaka naini. Sanford anali kukwawa pansi pa ngolo ya batate, ng'ombe zinanyamuka, Yotam anamukoka, wilo inapita pa phazi yake. Koma unapola uja. Anatiuza kuti unapola. Sanatsimphinepo."

"Sunapole," anatero Virginia. "Naine ninadziwira pano. Banaseka chabe, bati, 'Mphasa ya mwana wako ilibe ulemu.' Ninati muuzeni mung'ono wanu. Bati, 'Anali khanda, azachita nayo chiyani nkhani?'"

Kunja wina anakuwa "Nichotseni!" ndi mawu a Sanford, anthu n'kugwa nako kuseka. Febby anakhala pansi pa dothi, maondo akulira, n'kutsamira lata.

"Yendani futi," anatero.

Virginia anabwerera kumutu kwa mphasa, n'kuyambanso. Lamanja, lamanzere. Lamanja, lamanzere.